Magazi Akabweranso Mayi Atasiya Kusamba: Khansa ya M'kati mwa Chiberekero, Chithandizo Chake ndi Chiyembekezo cha Wodwala

Tiyerekeze mayi wa zaka 58 wa m'mudzi wina kwa Malenga Chanzi. Amalima chinangwa ndi mpunga, ndipo usipa ukagwa amakagula kudoko n'kumayanika pathandala. Anasiya kusamba zaka 6 zapitazo. Tsiku lina m'mawa waona timadontho ta magazi pa nsalu yam'kati, koma sakumva kupweteka paliponse. Patapita masiku awiri magazi aja asiya, iye n'kungoti mwina ndi likodzo, poti madzi otunga, ochapira ndi osamba onse ndi a m'nyanja. Mwezi wotsatira magazi abweranso. Mwana wake wamkazi wamukakamiza kupita kuchipatala tsiku loyeza khansa. Pamzere pali atsikana a msinkhu wa ana ake, ndiye za magazi zija sanatchule, manyazi. Anamwino amuyeza ndi viniga n'kumuuza kuti khomo la chiberekero lili bwino. Mayi uja wabwerera kumudzi mtima uli m'malo.

Anamwino aja sanalakwitse kuona, khomo linalidi bwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto la mayiyu lili pamwamba pa khomo, m'kati mwenimweni mwa chiberekero, momwe viniga safika ndiponso diso silingaone. Nkhani ino ikufotokoza za khansa imene imayambira m'menemo: momwe imadziwikira, momwe imachizidwira, zimene wodwala angayembekezere, ndi gawo la ife ogwira ntchito zaumoyo ndi odzipereka a m'midzi. Mfundo yaikulu ndi yakuti khansa imeneyi ili m'gulu la makhansa ochizika kwambiri ikapezeka isanatuluke m'chiberekero, ndipo chimene chimapulumutsa kapena kutaya mayi ndi nthawi imene imadutsa kuchokera pa dontho loyamba la magazi kufika pa opaleshoni.

Makhansa awiri, dzina limodzi

Pa Chichewa tikati "khansa ya chiberekero" ambiri timatanthauza khansa ya khomo la chiberekero, ndipo m'pomveka. Imeneyi ndiye khansa yopha amayi ambiri m'Malawi. Chiwerengero cha bungwe loona za khansa padziko lonse la IARC cha 2020 chinati amayi pafupifupi 4,100 amapezeka nayo chaka chilichonse m'dziko muno, ndipo pafupifupi 2,900 amamwalira nayo. Imayamba ndi kachirombo ka HPV, n'chifukwa chake boma linayamba kupereka katemera kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019, ndipo amayi a zaka 25 mpaka 49 amalimbikitsidwa kukayezetsa.

Khansa ya m'kati mwa chiberekero ndi matenda ena. Imayambira pa kakhungu kofewa koyala m'kati mwa chiberekero, kamene kamakhuthala mwezi ndi mwezi pokonzekera mimba, n'kutuluka ngati msambo mimba ikapanda kuima. M'kabuku ka wodwala mudzaona kakhunguka katalembedwa kuti endometrium, ndipo khansa yake endometrial cancer. Padziko lonse amayi pafupifupi 417,000 anapezeka nayo mu 2020, ndipo pafupifupi 97,000 anamwalira. Siyamba ndi HPV, kotero katemera uja sateteza ku khansa imeneyi. Sipatsirana pogonana kapena m'njira ina iliyonse. Imagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba, makamaka a zaka za m'ma 60. Apa pali mpata umene amayi ambiri amagweramo: msinkhu umene khansayi imakonda ndi womwewo umene pulogalamu yoyeza ndi viniga siwaitananso.

Palinso mitundu ina iwiri yosowa imene ndi bwino kuidziwa. Wina umayambira mu mnofu wa chiberekero, madokotala amati sarcoma. Zotupa wamba za m'chiberekero zimafota mayi akasiya kusamba, choncho chotupa chimene chikukula pa msinkhu umenewo n'chokayikitsa. Wina umabwera mwa amayi achichepere pambuyo pa mimba yopanda mwana imene imatuluka ngati timphesa, kapena pambuyo popita padera, ndipo umatchedwa choriocarcinoma. Umenewu umamva mankhwala bwino kwambiri, koma mayi wotaya magazi mosalekeza pambuyo pa mimba ayenera kuyezedwa msanga.

Chimaiyambitsa n'chiyani

M'thupi la mayi muli mahomoni awiri ogwira ntchito pa kakhungu kaja. Estrogen amakakulitsa, progesterone amakaletsa kukula mopyola. Estrogen akachuluka kwa zaka zambiri popanda mnzake womuletsa, kakhungu kamangokhuthala, ndipo maselo ena amasanduka khansa. Zinthu zambiri zoika mayi pachiopsezo zimadzera njira imeneyi.

Choyamba ndi kunenepa kwambiri, chifukwa mafuta a m'thupi amapanga estrogen ngakhale mayi atasiya kusamba. Ena ndi matenda a shuga, kusaberekapo, kutha msinkhu msanga, kusiya kusamba mochedwa, ndi kukhala miyezi yambiri osasamba popanda mimba kapena njira yolera. Mayi amene akumwa tamoxifen chifukwa cha khansa ya m'mawere alinso pachiopsezo chokwererapo. Asasiye mankhwalawo, koma akaona magazi apite kuchipatala msanga. Pali mabanja enanso amene khansa ya m'matumbo ndi ya m'chiberekero imayenda m'magazi, ndipo imawagwira akadali aang'ono. Pofunsa mbiri ya wodwala, funsaninso za abale ake.

Zinthu zimenezi zikusintha m'dziko mwathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopyola muyeso, pomwe mu 1992 anali 10 okha. M'zaka zomwezo chiwerengero cha ana amene mayi amabereka chinatsika kuchoka pa 6.7 kufika pa 4.4. Amayi ambirinso tsopano akufika ukalamba. Zonsezi zikutanthauza kuti khansa imeneyi tidzakumana nayo kawirikawiri kuposa akuluakulu amene anatiphunzitsa ntchito.

M'midzi mumamveka mphekesera yakuti njira zolera zimayambitsa khansa ya m'chiberekero. Pa khansa ino zoona zake n'zosiyana. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu Lancet Oncology mu 2015 anaonetsa kuti zaka 5 zilizonse zimene mayi wamwa mapiritsi olera zimachepetsa chiopsezo cha khansayi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo chitetezocho chimakhalapobe zaka zambiri atasiya kumwa.

Chizindikiro chimodzi chosayenera kuphonya

Mayi timati wasiya kusamba akatha miyezi 12 osaona msambo, nthawi zambiri ali ndi zaka pakati pa 45 ndi 55. Kuyambira pamenepo magazi alionse otuluka kunjira ya abambo si msambo. Kaya ndi dontho limodzi, kaya atuluka kamodzi n'kusiya, kaya ndi chikazi chamadzimadzi chofiirira, mayiyo ayenera kuyezedwa.

Mu 2018 Megan Clarke ndi anzake a ku National Cancer Institute ku America anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 129. Anapeza kuti mwa amayi 100 alionse odwala khansayi, pafupifupi 90 anataya magazi atasiya kusamba. Anapezanso kuti mwa amayi 100 otaya magazi motere, pafupifupi 9 ndi amene anali ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero. Manambala awiriwa tiziwagwira pamodzi. Loyamba likutiuza kuti khansayi imadziulula msanga. Lachiwiri likutiuza kuti tisaopseze mayi, chifukwa ambiri otaya magazi amapezeka ndi zina, monga kuuma ndi kupyapyala kwa khungu la kunjira chifukwa cha ukalamba, kapena timinofu tomera m'chiberekero tosakhala khansa. Kuno kwathu magazi oterewa angakhalenso khansa ya khomo la chiberekero. Palibe angasiyanitse zimenezi ali pakhonde.

Kwa amayi amene akusambabe, makamaka opyola zaka 45, chenjerani ndi msambo wochuluka mwachilendo, wotenga masiku ambiri, kapena magazi otuluka pakati pa misambo iwiri. Kupweteka m'chinena, kutupa mimba, kuonda ndi kuvutika pokodza zimabwera matenda atapita kale patali. Tisadikire ululu.

Ife a kunyanja tili ndi chisokonezo chathuchathu, ndicho likodzo. Mazira a nyongolotsi za likodzo amakhazikikanso kunjira ya abambo ndi pakhomo la chiberekero, n'kuyambitsa chikazi, kuyabwa, kupweteka pogonana ndi kutaya magazi. Mayi wokulira m'mbali mwa nyanja akhoza kukhala nalodi, ndipo praziquantel ndi woyenera kumupatsa. Koma kupezeka kwa likodzo sikuchotsa khansa. Mayi mmodzi akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Ngati anasiya kusamba ndipo akutaya magazi, alandire mankhwala a likodzo ndi kalata yopita kuchipatala tsiku lomwelo. Tisanene kuti "imwani kaye tione". Funsaninso bwino komwe magazi akuchokera, kaya ndi mumkodzo, kunjira ya abambo kapena kuchimbudzi, chifukwa amayi ambiri achikulire amangoti "kumusi".

Zimene zimachitika kuchipatala

Mayi akafika pachipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha mishoni cha St Anne's, choyamba ndi kumufunsa mbiri, kumupima mimba, ndi kuyang'ana khomo la chiberekero ndi chipangizo chotsegulira njira. Amamuyezanso kuchuluka kwa magazi, shuga, BP ndi HIV, chifukwa zonsezi zimakhudza opaleshoni.

Chachiwiri ndi sikani. Kwa mayi wosiya kusamba, kakhungu kam'kati kakakhala kosapyola mamilimita 4, mwayi woti ndi khansa umakhala wochepa. Koma sikani isatinamize. Kuwerengera kumene Kemi Doll ndi anzake a ku University of Washington anafalitsa mu 2021 kunaonetsa kuti muyeso umenewu umaphonya khansa mwa amayi akuda ambiri kuposa azungu. Zifukwa zake ndi ziwiri: zotupa wamba za m'chiberekero, zimene amayi akuda amakhala nazo kwambiri, zimaphimba kakhungu kaja, komanso mitundu yaukali ya khansayi, imene imapezeka kwambiri mwa amayi akuda, siikhuthalitsa kakhungu nthawi zonse. Choncho magazi akapitirira kapena kubwereranso, mayi apite patsogolo ndi kuyezedwa ngakhale sikani itaoneka bwino.

Chachitatu, chimene chimatsimikiza, ndi kutenga kanyama kakang'ono m'kati mwa chiberekero. Amalowetsa kachubu kopyapyala kudzera pakhomo n'kuyamwa pang'ono, kapena amapala monga achitira potsuka mayi amene wapita padera. Kanyamako kamapita ku labu yoyeza minofu, monga ya ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe imene inayamba ntchito mu 2011 mothandizana ndi UNC Project. Zotsatira zimatenga masabata, ndipo apa ndi pamene odwala ambiri amatayika. Mayi akaona kuti magazi asiya pambuyo popalidwa amayesa wachira, osabwereranso kukamva zotsatira.

Khansa ikatsimikizika, madokotala amafuna kudziwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtundu wake. Mtundu wofala, wotchedwa endometrioid, nthawi zambiri umakula pang'onopang'ono. Mitundu ya serous, clear cell ndi carcinosarcoma ndi yaukali ndipo imafalikira msanga. Chachiwiri ndi pamene yafika. Mwachidule, siteji 1 ndi pamene khansa ili m'chiberekero mokha. Siteji 2 yalowa mu mnofu wa khomo la chiberekero. Siteji 3 yatuluka n'kufika m'machubu, m'mabasiketi a mazira, kunjira ya abambo kapena m'ma lymph node, tija tikatupa timati mwanabere. Siteji 4 yalowa m'chikhodzodzo kapena m'matumbo, kapena yafika kutali monga m'mapapo ndi m'chiwindi. Siteji yeniyeni imadziwika bwino opaleshoni itachitika ndipo chiberekero chayezedwa ku labu.

Chithandizo

Opaleshoni ndiye mutu wa chithandizo. Amachotsa chiberekero chonse pamodzi ndi khomo lake, machubu onse awiri ndi mabasiketi a mazira, ndipo nthawi zina ma lymph node a m'chiuno. Opaleshoni ya khansa imafuna dokotala wa matenda a amayi, n'chifukwa chake odwala a m'boma lathu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima. Mayi wochepa magazi amayamba wapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi kapena kuikidwa magazi, ndipo wa shuga ndi BP amayamba wazitsitsa. Ntchito imeneyi ingayambe kumudzi pomwe akudikira tsiku lake. Kwa amayi ambiri a siteji 1 amene khansa yawo si yaukali ndipo sinalowe mozama mu mnofu, opaleshoni yokha ndi yokwanira. Safunikanso china koma kumaonedwa.

Radiotherapy ndi kupha maselo a khansa ndi mphamvu ya cheza chochokera m'makina. Imaperekedwa pambuyo pa opaleshoni ngati khansa inalowa kupyola theka la mnofu wa chiberekero, inafika pakhomo, kapena ndi ya mtundu waukali. Ilipo ya kunja, imene wodwala amagona pamakina mphindi zochepa masiku 5 pa sabata kwa masabata pafupifupi 5. Ilipo ya m'kati, yotchedwa brachytherapy, imene kachipangizo kamalowetsedwa kunjira ya abambo maulendo owerengeka. Kafukufuku wa PORTEC wa ku Netherlands anaonetsa kuti pa khansa yoyambirira radiotherapy imachepetsa kubwereranso kwa matenda pamalo pomwepo, ndipo kwa amayi ambiri ya m'kati imagwira ntchito mofanana ndi ya kunja koma sivutitsa matumbo kwambiri. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna chithandizochi amayenera kutuluka m'dziko. Makina oyamba anayamba ntchito mu 2024 pachipatala choyima pachokha ku Blantyre, ndipo mu 2025 chipatala cha boma cha khansa, National Cancer Centre ku Lilongwe, chinatsegula gawo lake la radiotherapy.

Anthu ambiri amati radiotherapy ndi "kuwotcha", mawu omwewo amene timanena pa chithandizo cha mphindi zochepa chija cha pakhomo la chiberekero pambuyo pa viniga. Ndi zinthu zosiyana, ndipo tizifotokoza bwino kuti banja likonzekere kukhala ku Lilongwe mwezi wathunthu ndi kupitirira. Wodwala akhoza kutsegula m'mimba, kumva kuwotcha pokodza ndi kufooka, koma zimatha. Sanyamula cheza kupita nacho kunyumba. Angadye mbale imodzi ndi anzake ndi kunyamula adzukulu.

Chemotherapy, imene ambiri amangoti kemo, imaperekedwa pa siteji 3 ndi 4, pa mitundu yaukali, ndiponso khansa ikabwereranso. Mankhwala ogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi carboplatin ndi paclitaxel, kudzera m'diripi, kamodzi pa masabata atatu alionse, nthawi zambiri maulendo 6. Tsitsi limathothoka koma limameranso. Wodwala amachita nseru, dzanzi m'zala za kumanja ndi kumapazi, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsika. Wodwala wa kemo akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, atanyamula kabuku kake. Kwathu kuno kutentha thupi timathamangira kunena kuti ndi malungo, koma kwa munthu wa kemo kungakhale matenda a m'magazi opha m'maola ochepa.

Mankhwala a mahomoni, monga megestrol ndi medroxyprogesterone, amabweza kukula kwa khansa yosakhala yaukali. Amathandiza mayi wofooka amene sangapirire opaleshoni, kapena amene matenda afalikira. Mayi wachichepere amene akufunabe kubereka, ngati khansa yake ili poyambirira penipeni, madokotala angamupatse mankhwalawa kapena lupu ya mahomoni, n'kumamuyeza kanyama miyezi ingapo iliyonse, kenaka n'kuchotsa chiberekero akabereka. Chiganizo chimenechi ndi cha akatswiri okha.

Kunja kwabweranso mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chimenyane ndi khansa. Kafukufuku awiri wofalitsidwa mu 2023 anaonetsa kuti kuwonjezera pembrolizumab kapena dostarlimab pa kemo kumachedwetsa matenda mwa amayi a khansa yofalikira. Mtengo wake ndi wokwera zedi. Kwa mayi wa kwa Malenga Chanzi chiyembekezo chachikulu chikadali pa kufika msanga.

Chiyembekezo cha wodwala

Abale akafunsa kuti "kodi achira?", yankho loona limadalira siteji. Ziwerengero za ku England zimene bungwe la Cancer Research UK limafalitsa zimaonetsa amayi amene amakhala ali moyo patatha zaka 5 chipezekereni ndi khansayi. Pa siteji 1 ndi oposa 90 mwa 100. Pa siteji 2 ndi pafupifupi 75. Pa siteji 3 ndi pafupifupi 50. Pa siteji 4 ndi pafupifupi 15. Manambalawa ndi a dziko limene wodwala amapeza opaleshoni, makina ndi mankhwala mosavuta, choncho tisawalonjeze kwa wodwala wathu ngati ake. Chimene tiphunzirepo ndi kutsetsereka kwake: matenda amodzimodzi, koma wofika poyamba ndi wofika pomaliza akusiyana ngati usana ndi usiku.

Kupatula siteji, zina zimene zimasintha chiyembekezo ndi mtundu wa khansa, kuzama kwake mu mnofu, msinkhu wa mayi ndi matenda ena amene ali nawo. Ku America, komwe pafupifupi awiri mwa odwala atatu alionse amapezeka khansa ikadali m'chiberekero, amayi akuda amamwalira nayo pafupifupi kawiri kuposa azungu, mwa zina chifukwa cha mitundu yaukali ndi kupezeka mochedwa. Nthawi yodikira nayonso ili ndi mtengo wake. Kafukufuku wa amayi oposa 9,000 ku Ontario, Canada, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti amene anadikira opaleshoni kupyola masabata 12 chipezekereni ndi khansa anamwalira ambiri kuposa amene anachitidwa pakati pa masabata 2 ndi 12. Pa zinthu zonsezi, mtundu wa khansa ndi msinkhu sitingazisinthe. Nthawi ndi imene ili m'manja mwathu.

Mayi akabwerako ku opaleshoni

Bala la pamimba limafuna masabata pafupifupi 6. M'nthawi imeneyi mayi asasenze ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni kapena beseni la nsomba, asasinje, asalowe m'munda wa mpunga. Koma asangogona. Aziyenda pang'onopang'ono pabwalo tsiku lililonse kuti magazi asaundane m'miyendo. Mukamuyendera, yang'anani izi: kutentha thupi, mafinya kapena kutseguka kwa bala, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, kubanika, kutaya magazi ambiri, kapena mkodzo wongotuluka wokha. Chilichonse mwa izi, abwerere kuchipatala.

Pali nkhawa imene amayi sainena msanga: kodi banja lipitirira? Ena amamva kuti mayi wochotsedwa chiberekero amatsala ndi dzenje, kapena kuti salinso mkazi. Njira ya abambo imakhalapobe, amangoisoka kumapeto kwake, ndipo bala likapola, dokotala atavomereza, banja limakhalira limodzi monga kale. Khansayi mwamuna sangaitenge. Pali amayi amene amakana opaleshoni chifukwa cha mantha amenewa, choncho nkhaniyi ikambidwe opaleshoni isanachitike, bambo ali pomwepo ngati mayiyo walola. Mayi amene anali asanasiye kusamba adzayamba kumva kutentha thupi mwadzidzidzi ndi kutuluka thukuta usiku chifukwa mabasiketi a mazira achotsedwa. Auzidwiretu.

Khansa ikati ibwerere, nthawi zambiri imabwerera m'zaka zitatu zoyambirira, kawirikawiri kumapeto kwa njira ya abambo. Ikapezeka msanga pamenepo ikhoza kuchizidwanso ndi radiotherapy. N'chifukwa chake mayi amaonedwa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse poyamba, kenaka motalikirapo mpaka zaka 5. Magazi, ululu wa m'chiuno wosatha, chifuwa chosamva mankhwala, kutupa mimba kapena kuonda, asadikire tsiku lolembedwa. Amene ali pa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP apitirize osadumphitsa.

Pamene kuchira sikuthekanso

Ena adzatipeza matenda atapita kale patali. Pamenepo mawu akuti "palibe chimene tingachite" asatuluke pakamwa pathu. Ululu umamva mankhwala, kuyambira panado mpaka mofini wamadzi amene amaperekedwa kudzera ku gawo la chisamaliro chochepetsa ululu m'zipatala za maboma. Mofini amamwedwa pa nthawi yake, maola 4 alionse, osadikira kuti ululu ufike povuta, ndipo amafuna mankhwala ofewetsa chimbudzi pambali. Si mankhwala ofulumizitsa imfa monga ena amanenera. Fungo la chikazi limachepa ndi metronidazole ndi ukhondo, ndipo kuchepetsa fungo kumabweza mayi pakati pa anzake. Kutaya magazi kungachepetsedwe ndi mankhwala kapena radiotherapy ya masiku ochepa. Kwa anansi athu ku Salima, malo a Ndi Moyo aonetsa kwa zaka zambiri kuti munthu wodwala khansa angasamalidwe bwino ali kwawo. Wosamalira wodwala, amene nthawi zambiri ndi mwana wamkazi kapena mdzukulu, nayenso amatopa. Muzimufunsa za moyo wake.

Gawo lathu kumudzi

Tibwerere kwa mayi wathu uja. Panjira yake panali malo anayi pamene akanatayika, ndipo onse ali pafupi ndi ife kuposa ndi dokotala wa ku Lilongwe.

Poyamba ndi pa funso. Mayi wachikulire sangayambe yekha nkhani yakumusi kwa mlangizi wa zaumoyo wa msinkhu wa mwana wake, makamaka wamwamuna. Tifunse ndife, pambali, mwaulemu: "Amayi, pepani ndikufunseni zachikulu. Chisiyireni kusamba, mudaonapo magazi kapena chikazi chachilendo, ngakhale kamodzi?" Pomwe zikuvuta, tumani mayi wodzipereka wachikulire. Anamkungwi, amayi a Dawa, a Mothers' Union ndi a Chigwirizano amafika pomwe ife sitifika. Apatseni uthenga umodzi wosavuta kuiwala: wosiya kusamba sasambanso, magazi akabwera ndi a kuchipatala. Anamwino oyeza ndi viniga afunsenso funso lomweli kwa mayi aliyense wachikulire asanamuuze kuti ali bwino.

Pachiwiri ndi pa kalata. Lembani m'kabuku mwake zaka zake, chaka chimene anasiya kusamba, tsiku limene magazi anayamba, ndi mawu akuti postmenopausal bleeding, kuti wolandira kuchipatala asamuike pamzere wa viniga n'kuthera pomwepo. Ngati banja likufuna kuyamba lapita kwa asing'anga kapena kumapemphero, musakangane nalo. Pemphani kuti kuyezetsa kuchitike sabata yomweyo.

Pachitatu ndi pa zotsatira. Lembani m'kaundula wanu tsiku limene kanyama kanatengedwa, tsiku lokamva zotsatira, ndi nambala ya foni ya wachibale wodalirika. Tsikulo likadutsa mayi asanapite, mulondoleni kunyumba.

Pachinayi ndi pa ulendo. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, koma thiransipoti, chakudya ndi wodikirira wodwala zimafuna ndalama, ndipo kemo yokha ndi maulendo 6. Banja lidziwe zimenezi poyambirira kuti likhale pansi ndi eni mbumba, ligawane masabata odikirira, lione za banki m'khonde, mpingo kapena mzikiti, ndi amene atsale ndi munda. Mutu umodzi susenza denga. Nyengo ya mvula, pamene misewu imaduka ndipo ntchito ya mpunga yachuluka, ndi pamene masiku a kuchipatala amaphonyedwa kwambiri, ndiye muziwakumbutsa kukadali masiku.

Mwa amayi 10 amene mudzawatumize chifukwa cha magazi otere, ambiri adzabwerako atauzidwa kuti si khansa. Musaone ngati mwawavutitsa pachabe, ndipo muwauze kuti magazi akabweranso abwererenso. Mmodzi kapena awiri ndi amene ulendowo udzawapulumutse. Sabata ino, poyendera mabanja a m'dera lanu, lembani mayina a amayi onse opyola zaka 50, ndipo aliyense mumufunse funso lija.